Foni Yozima Masana

Triza ankagwira ntchito m'kachipinda ka kumapeto kwa ofesi ya esiteti, moyang'anizana ndi fakitale ya tiyi. Patebulo pake panali mafoni awiri a mawaya, wailesi yolankhulirana ndi akapitawo a m'minda, ndi kompyuta yomwe inabwera mu 2004 kudzalowa m'malo mwa tayipi yakale. Mawu onse a pa esitetipo ankadzera mwa iye. Thirakitala ikatitimira m'matope kumunda wa nambala seveni, woyamba kumva anali Triza. Mayi woyembekezera akayamba kubuula kumakomboni, woitana ambulansi anali Triza. Bwana akasowa dalaivala, ngakhale akaiwala tsiku la msonkhano ku Limbe, foni inkalira pa Triza.

Foni yachitatu inali yakeyake, ya m'manja, ndipo inkalendewera pachifuwa pa kachingwe kakuda. Anamutumizira ndi mwamuna wake Lackson, yemwe chinali chaka chachitatu ali ku Joni. Kumeneko Lackson anali mlonda m'sitolo yaikulu, koma osati mlonda wa chibonga ndi tochi ayi. Ankakhala tsiku lonse m'chipinda chopanda windo, maso ali pa timakanema tisanu ndi tinayi, kuyang'ana manja a anthu ogula. Nthawi ya nkhomaliro ankaimbira mkazi wake. Triza ankayankha dzanja lina lili pa kompyuta, khutu lina lili ku wailesi, chakudya chikuzizira m'kontena.

Vuto linayamba mu Epulo 2006. Triza anayamba kumva foni ikulira pomwe sikulira. Akusamba ankaimva. Akuchapa ankaimva. Kutchalitchi, pakati pa nyimbo, ankadzidzimuka n'kugwira pachifuwa, n'kupeza foni ili phee. Mutu unkalemera ngati wasenza ndowa yomwe palibe womutula.

M'mawa wina mwana wake Joy, mtsikana wa Sitandade 3, anaitana ali panja.

"Amayi!"

"Ofesi ya esiteti, ndikuthandizeni?" anayankha Triza ali chiweramire pa mbaula.

Joy anaseka mpaka kugwira khoma. Koma mayi ake atatembenuka, mwanayo anasiya kuseka. Triza anali ataima ndi supuni m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene watsika minibasi pamalo olakwika. Tsiku lomwelo anapempha kuti apite kukiliniki.

Namwino wa pakiliniki ya esiteti anali a Idah, mayi wa mpingo wa Sabata amene anaphunzira ntchito yake kumishoni. Anali munthu wosathamanga, polankhula ngakhale poyenda. Anamuunika m'khutu ndi katochi, anamuyeza kuthamanga kwa magazi, kenako anakhala pansi.

"M'khutumu mulibe kanthu, amake Joy."

"Koma imalira, anesi. Ngakhale panopa ikulira."

Ulendo uno inkaliradi. Anali kapitawo wina akufunsa za thirakitala. Itangoduka, inaliranso. A Idah anangopinda manja n'kumamuyang'ana mpaka anamaliza.

"Nkhomaliro mumadyera kuti?"

"Patebulo pomwepo."

"Madzi mwamwa kangati lero?"

Triza anaganizira, koma sanakumbuke.

"Damu lija la kuseri kwa nazale munalionako liti?"

"Aa, ndi kale. Ndili mtsikana, ndikukapereka chakudya kwa malemu mayi anga akuthyola tiyi."

A Idah anatenga kabuku kake ka kuchipatala n'kulembamo mizere itatu. Sayirini ya thwelofu ikalira, foni izizimitsidwa n'kutsala mu dilowa. Wodwala aziyenda wapansi, akadyere panja, amwe botolo la madzi. Madzulo aziviika mapazi m'madzi ofunda.

"Ife a Sabata timasiya zonse tsiku lathunthu, ndipo dziko silinagwepo," anatero a Idah. "Inu sindikukupemphani tsiku. Ola limodzi basi."

"Ndiye panado simundipatsa?"

"Ndikupatsani. Koma chomwe chatopa mwa inu si mutu wokha."

Bwana atawerenga kabukuko anaseka, koma analola. A Fackson, kalaliki wachikulire wa chipinda choyandikana nacho, anavomera kumakhala pa mafoni ola limenelo. Anati iwo mawondo awo sakonda zoyendayenda, ndipo mpando wa Triza ndi wofewa kuposa wawo.

Tsiku loyamba Triza sanafike n'komwe ku damu. Dzanja linkangopita pachifuwa kukafuna chomwe palibe. Atafika pa mitengo ya bulugamu anamva foni ikulira kumbuyo kwake, momveka bwino, ndipo anabwerera chothamanga. Anapeza a Fackson akudya chinangwa, mafoni onse ali chete. Tsiku lachiwiri anafika pa nazale. Tsiku lachitatu anafika pamadzi, anadya ataimirira, n'kubwerera sayirini ya wani isanalire.

Sabata yachiwiri ndi yomwe anayamba kuona njira imene ankadutsamo. Inkachoka kuseri kwa fakitale, komwe fungo la masamba ofota limakhala ngati la maapozi ovunda pang'ono, n'kutsetsereka pakati pa mizere ya tiyi. Tiyiyo anali wometedwa bwino mofanana, kukwera ndi kutsika mapiri mpaka komwe maso alekezera. Pansi pake panali damu, laling'ono kuposa momwe ankalikumbukira, ndi mwala wosalala m'mphepete. Triza anavula nsapato. Madzi anamuluma ndi kuzizira, kenako anamuleka. Anaona zala zake za kumapazi zili m'madzimo, zikuoneka zazifupi ndi zotuwa ngati za munthu wina, ndipo anaseka yekha.

Juni atalowa, chiperoni chinafika. Nkhungu inkatsika m'phiri m'mawa n'kugona m'minda tsiku lonse, ndi kamvula kosamveka kugwa, kongonyowetsa nsidze. Triza ankafunda chitenje pamwamba pa juzi n'kumapitabe. M'masiku amenewo njira ija inkasanduka ina. Fakitale inkazimirira kumbuyo kwake atangoyenda pang'ono. Azimayi othyola tiyi ankaoneka kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, madengu ali kumsana, ngati anthu akuwoloka mtsinje wobiriwira wopanda tsidya. Nthawi zina ankangomva mawu okha, kuseka kwa munthu wosaoneka, kapena nyimbo ya Chilomwe ikuchokera m'mwamba momwe munalibe munthu. Tsiku lina anapezeka akuyankha nyimboyo. Mawu ake anali asanawaiwale. Mayi ake ankaimba yomweyo, zala zikuthamanga pamwamba pa tiyi, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga.

Pa mwala paja ankadya chinangwa chophika ndi peyala, kapena nthochi za ku Masambanjati zomwe mayi wina ankagulitsa pageti. Ankamwa madzi ake pang'onopang'ono. Akatero ankatseka maso. Sikunali kugona, komanso sikunali kukhala maso. Ankamva madontho akugwa kuchokera m'masamba, chule mmodzi kutsidya, ndi mpweya wake womwe ukulowa ndi kutuluka. Foni ya m'mutu ija inkalirabe, koma chapatali, ngati ya m'nyumba ya eni ake.

Kunyumba nako zinthu zinasintha pang'ono. M'mawa sankayatsa foni mpaka Joy atamwa phala n'kunyamula chikwama. Akaweruka ankafunditsa madzi, kuthiramo mchere, n'kukhala pakhonde mapazi ali m'beseni. Joy ankabwera kudzakhala pakati pa miyendo yake kuti amuluke tsitsi, n'kumamufotokozera za kusukulu, za mphunzitsi amene amayetsemula katatu asanayambe masamu.

Amene sanakondwe nazo anali Lackson. Triza anamufotokozera zonse kuyambira tsiku loyamba, koma mawu a pa foni ndi afupi.

"Chipatala chake chiti chimalembera munthu kuzimitsa foni?" anafunsa Lackson.

"Anesi a pakiliniki pano, bambo ake Joy. Muziimba madzulo."

"Madzulo ndimakhala ndili m'sitima, phokoso lokhalokha. Nthawi yanga ndi thwelofu. Mwakhala mukudziwa zimenezi zaka zonsezi."

"Ndikudziwa. Koma mutu wanga..."

"Mumakhala muli kuti?"

"Ku damu."

"Ndi ndani?"

"Ndekha."

Foni inaduka. Masabata otsatira ankaimba mwa apo ndi apo, mawu ake ali ouma. Triza zinkamupweteka. Kawiri konse anaima pa dilowa sayirini italira, foni ili m'manja, akuganiza zoitenga. Koma ankakumbukira nkhope ya Joy m'mawa uja, n'kuitsekera.

Zomwe zinachitika Lachinayi lina mu Julayi, Triza anadzazimva bwino pambuyo pake kuchokera kwa Lackson mwini wake. Anzake a ku Joni anali atamudya khutu. Mmodzi anamuuza kuti foni ya mkazi ikamazima nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndiye kuti pali wina amene amayaka nthawi imeneyo. Lackson anapempha tchuthi, anakwera basi masiku awiri osauza munthu, anakwera minibasi ku Limbe, n'kutsikira pamphambano ya esiteti. Chikwama anasungitsa pa golosale. Thwelofu isanakwane anali ataima kuseri kwa mtengo wa bulugamu, akuyang'ana chitseko cha ofesi monga momwe ankayang'anira timakanema take.

Sayirini inalira. Triza anatuluka ndi kontena ndi botolo, chitenje chili kumutu. Lackson anamutsatira chapatali. Chiperoni cha tsiku limenelo chinali chochindikala, moti mkazi wake ankasowa n'kuonekanso, kusowa n'kuonekanso. Nsapato zake za ku Joni zinkaterera m'dothi lofiira. Atafika pafupi ndi damu anabisala pa mtengo wa mbawa, pamalo poti ankaona mwala uja bwinobwino, n'kukhala pa muzu kudikira mwamuna winayo.

Anaona mkazi wake akuvula nsapato. Anamuona akusenda nthochi, akudya, akumwa madzi. Anamumva akung'ung'udza kanyimbo. Tchire litagwedezeka kutsidya, anasuzumira, koma munatuluka kakowa, yemwe anaima ndi mwendo umodzi m'madzi osaya n'kukhala chomwecho. Triza anatseka maso. Palibe chinkayenda. Nkhungu inkadutsa pamwamba pa madzi mwakachetechete, kuphimba kakowa uja, kumuvundukula, kumuphimbanso. Lackson anati maso ake, omwe kwa zaka zitatu ankalumpha kuchoka pa kanema uyu kupita pa uyo, anasowa kolumphira. Anatsamira mtengo kuti aone bwino. Kuchokera pamenepo sanakumbukenso kanthu.

Triza atavala nsapato n'kuyamba kubwerera, anaona munthu atagona pansi pa mbawa, pakamwa pali pululu, jekete lachikopa litanyowa ndi mame. Anaima. Nkhopeyo ankaidziwa kuposa nkhope ina iliyonse, koma mwini wake anali ku Joni. Mantha anamugwira. Anaganiza kuti matenda aja achoka m'khutu, tsopano alowa m'maso. Anatseka maso, anawerenga mpaka teni, anatsegula. Munthuyo anali pomwepo, ndipo ankaliza mkonono pang'ono. Triza anawerama n'kugwira nsonga ya nsapato. Inali nsapato yeniyeni, yamatope.

"Bambo ake Joy."

Lackson anadzidzimuka n'kuimirira mopupuluma, mpaka kugunda mutu ku nthambi.

"Mwafika liti?"

"Lero. M'mawa."

"Katundu ali kuti?"

"Pa golosale."

Triza anayang'ana pomwe mwamuna wake anakhala, anayang'ana mwala wake uja momwe unkaonekera kuchokera pamenepo, ndipo anamvetsa. Chimwemwe chomwe chinayamba kukwera pachifuwa chinaima panjira.

"Ndiye mwamuona?"

"Ndani?"

"Amene mwachokera ku Joni kudzamuona."

Lackson anayang'ana pansi.

"Ndaona kakowa," anatero motsitsa mawu.

Triza sanaseke, ngakhale kuseka kunali pafupi. Anamuyang'anitsitsa. Anali ataonda. Maso ake anali ofiira ngati a munthu wophikira nkhuni zaziwisi, ndipo chikope chakumanzere chinkanjenjemera chokha. Sayirini ya wani inalira kumtunda, mawu ake ofooka ndi nkhungu. Triza anamasula kiyi pa ngodya ya chitenje n'kumupatsira m'dzanja.

"Nyumba mukuidziwa. Joy aweruka posachedwa. Musamuuze kuti munayambira kuno."

Madzulo a tsiku limenelo amene analankhula zambiri anali Joy. Anavala diresi lomwe bambo ake anamubweretsera n'kuzungulira nalo nyumba zonse za mzere wawo. Triza anaphika, anapereka chakudya mwaulemu, koma mawu ake anali owerengeka. Atafunditsa madzi ake n'kukhala pakhonde, Lackson anabwera n'kukhala pansi, pa sitepe, ngati mlendo.

"Amake Joy, ndalakwa."

"Mwalakwadi."

"Kumene kuja munthu umangokhala ukuyang'ana anthu ngati akuba. Tsiku lonse. Gogo akagwira sopo, iwe ukuti aba. Mwana akagwira bisiketi, ukuti aba. Kenako umayamba kuona choncho aliyense."

"Ngakhale mkazi wako."

"Ngakhale mkazi wako," anavomera.

Triza anasunthasuntha mapazi m'madzi. Kenako anatulutsa mapazi ake, anapukuta ndi chitenje, n'kukankhira beseni kwa mwamuna wake.

"Akadali ofunda. Vulani masokosi."

Mawa lake sayirini ya thwelofu italira, anapeza Lackson akudikira poyera, pageti, atanyamula mapeyala awiri ndi mchere wokulunga m'pepala. A Fackson anasuzumira pawindo n'kukuwa kuti, "Alamu, foni musiye kuno, kumeneko n'koletsedwa!" Lackson anazengereza, kenako anaitulutsa m'thumba n'kuipereka pawindo pomwepo.

Anayenda osalankhula zambiri. Tsiku limenelo nkhungu inali yopyapyala, ndipo dzuwa linkaoneka ngati mbale yoyera yomwe munthu ukhoza kuiyang'ana osaphethira. Pa mwala paja malo anali ochepa, moti anakhala mothinana. Lackson ataviika mapazi anakuwa ndi kuzizira, azimayi othyola tiyi kumtunda n'kuseka osaoneka. Kenako anayamba kufotokoza zomwe pa foni sankanena: chipinda chomwe ankagona anthu anayi, sitima ya m'mawa, mantha oyenda ndi mapepala m'thumba nthawi zonse. Triza naye anamuuza za m'mawa uja anayankha mwana wake ngati bwana. Anapita limodzi masiku onse a tchuthi chake, kupatula Lamlungu. Tsiku lina sanalankhule n'komwe. Lackson anagona chagada pa udzu, chipewa chili kumaso, Triza akuyang'ana mitambo ikusintha m'madzi.

Asanabwerere, Triza anamutengera kwa a Idah chifukwa cha maso aja. A Idah anamupatsa mankhwala odontheza, n'kumufunsa ngati sitolo yakeyo ili ndi khomo lotulukira panja.

"Lilipo, amayi."

"Ndiye muzilitsegulako."

Anagwirizana kuti aziimbirana Lamlungu masana, pomwe onse ali pakhomo ndipo palibe wothamangira kwina. Masiku ena onse, uthenga umodzi wa m'mawa unali wokwanira. Lackson anakwera minibasi ya ku Limbe Loweruka, kumayambiriro kwa Ogasiti.

Kulira kwa m'khutu kuja sikunatheretu. Masiku otanganidwa, makamaka mvula itayamba ndipo masamba achuluka kufakitale, kunkabweranso, ndipo pena Triza ankalephera kutuluka masana chifukwa a Fackson ali kumunda. Koma mutu unasiya kulemera, ndipo anthu a pa wailesi anayamba kunena kuti mawu a mayi a mu ofesi afewa.

Mu Okutobala kunabwera kalata kudzera ku positi ya ku Boma, yoyamba chichokereni Lackson ku Malawi. Joy ndiye anaiwerenga mokweza pakhonde, akutsata ndi chala. Bambo ake analemba kuti kuseri kwa sitolo, koimika magalimoto, apezako mtengo umene nthawi ino wachita maluwa obiriwira mofiirira, ndipo maluwawo amagwera m'chakudya chawo. Analemba kuti mnzawo wa ku Zimbabwe poyamba ankawaseka, koma tsopano amabwera ndi katoni yake yokhalira. Analembanso kuti damu kulibe, ndiye amangovula nsapato n'kuponda pa udzu, alonda anzawo n'kumawayesa amisala.

"Obiriwira mofiirira ndiye otani, amayi?" anafunsa Joy.

"Kaya. Uwafunse eni akewo."

Joy analowa m'nyumba, anang'amba pepala pakati pa kope lake la Chichewa, n'kugona chafufumimba pa mkeka ndi pensulo.

"Ndiyambe bwanji?"

"Yamba ndi moni," anatero Triza. "Kenako uwauze kuti atumize limodzi m'kalata tidzalione tokha."